Malo a Hajira anapita pa nthawi ya eda

Hajira Wahabu amagulitsa zitenje ndi mipango mumsika wa ku Limbe, pamzere woyandikana ndi matelala. Ali ndi ana atatu. Ndinaphunzira naye kukoleji ya zauphunzitsi, ndipo wandilola kulemba izi bola ndisatchule dzina la bungwe.

Kukolejiko anasiyira chaka chachiwiri atatenga mimba ya mwana woyamba. Anakwatiwa ndi a Kalimu, dalaivala wa thiraki yokatenga mafuta ku Beira, n'kukakhala ku Bangwe, m'nyumba yomwe anamanga papuloti ya apongozi ake, Abiti Sulemani. Ife tinamaliza sukulu, iye anayamba geni.

M'tauni muli bungwe lina lomwe limalipirira fizi amayi ofuna kubwerera kukoleji. Hajira linamukana kawiri. Ankati amayambira amayi opanda wowathandiza, pomwe iye anali ndi mwamuna wapantchito. Mu Januwale analembanso kachitatu, komwe kanali komaliza, chifukwa satenga munthu wopitirira zaka 35 ndipo iye ankakwanitsa zakazo chaka chomwecho.

Mu Malichi thiraki ya a Kalimu inagubuduzika ku Mozambique, iwo n'kufera pomwepo. Maliro atatha, ndine ndinapita kuofesi ya bungwelo kukanena kuti Hajira tsopano ndi wamasiye. Ndinkaona ngati ndikumuthandiza. Patangotha masabata awiri anamuimbira foni kuti wasankhidwa, abwere Lolemba adzasayine ndi kujambulidwa chithunzi.

Koma Hajira anali pa eda. Kwa Asilamu, mkazi akaferedwa mwamuna amakhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzikongoletsa, osayendayenda. Ndinalipo tsiku lomwe anapempha apongozi ake.

"Amayi, ndi maola awiri okha. Ndikwera minibasi, ndikasayina, ndibwerako ana asanaweruke."

"Dothi la pamanda silinaume, iwe ukufuna kukajambulitsa m'tauni?" anatero Abiti Sulemani. "Akakuuza kuti useke, ukasekanso?"

"A shehe anati ngati pali chofunika kwambiri, masana ndikhoza kutuluka."

"A shehe satunga madzi pakiyosiki yathuyi. Zimene azinena anthu azimva ndine. Adzati ankangodikira kuti mwana wanga afe kuti iye apeze sukulu."

Mawu amenewa anamupweteka kwambiri Hajira chifukwa mbali ina anali oona: a Kalimu akanakhala moyo, foni ija sikanabwera.

Lolemba ndinapita ndekha kuofesi ndi mapepala ake onse. Ndinawapeza Mayi Hilda, omwe amalandira anthu, ndipo ndinawafotokozera za eda mmene ndinkazidziwira.

"Achemwali, ndikumva chisoni, koma opereka ndalamawa amafuna chithunzi ndi siginecha ya mwini wake. Wina wabwera lero m'mawa ndi khanda la masiku asanu."

"Nanga inuyo simungapite ku Bangwe? Mafuta ndigula ndine."

"Galimoto ndi imodzi, ili ku Mulanje. Ndipo tikayamba kuyendera munthu mmodzi kunyumba, enawa tiwauza chiyani? Chimene ndingachite, ndimusungira malo mpaka Lachisanu, isanakwane 12 koloko."

Sindikufuna kuwanamizira mayiwa nkhanza. Anayesetsa pomwe akanatha.

Lachisanu m'mawa ndinakafika ku Bangwe cha m'ma 9 koloko. Hajira anali atavala diresi lakuda ndi mpango wosapeta, nkhope yosadzola kanthu, envulopu ili m'manja. Anali atatsimikiza kupita. Titatuluka, tinawapeza Abiti Sulemani atakhala pakhonde, atafukata mwana wamng'ono wa Hajira. Sanakalipe.

"Pita, mwanangu. Msewu ndi uwo. Koma ukabwera, katundu wako umupeza panja pa mpanda. Anawa akhala ndi ine."

"Amayi, nyumbayi tinamanga tonse ndi malemu."

"Papuloti ya ndani?"

Hajira anaima pakati pa bwalo nthawi yaitali. Kumsewu makondakitala ankaitanira a ku Limbe. Ndinamuuza monong'ona kuti malamulo salola munthu kulandidwa nyumba chonchi, tikhoza kukadandaula. Anandiyang'ana.

"Mildred, mlanduwo uzikaweruzidwa ine ndikugona kuti? Ana akugona kuti?"

Anandipatsa envulopu ija, n'kuvula nsapato, n'kulowa m'nyumba. Masana omwewo malo ake anapatsidwa kwa mayi wina wa ku Ndirande.

Eda inatha mu Julaye, ndipo Hajira anabwerera kumsika. Benchi lake anapeza litatengedwa, moti pano ali kumapeto kwa mzere, komwe mvula ikagwa madzi amadutsa. Mwezi watha ndinamuuza kuti ndamva za bungwe lina ku Sunnyside, mwina ilo silifunsa zaka. Ankapindira kasitomala chitenje, ndipo sanadzutse mutu.

"Usakandinenerenso kulikonse, Mildred. Chonde."