Chipika Chimene Sindinaike

Izi si zongopeka ayi, zinandichitikira ine ndemwe, ndipo amene ankayenda msewu wafumbi wochokera ku Nsaru kupita ku Kabudula zaka zimenezo angandichitire umboni.

Nthawi imeneyo n'kuti nditasiyira sukulu sitandade sikisi, ndikupalasa kabaza, ndipo mtima wanga unali wapachala moti munthu akangondiyang'ana molakwika, chibakera chinali chitapita kale. Tsiku lina masana, m'dzinja, galimoto ya matola yodzaza anthu ndi matumba a feteleza inandidutsa mwaliwiro n'kundithira matope thupi lonse. Ndili mkati motukwana ndinangomva chiphokoso kutsogoloku, galimoto ija yaterereka n'kugubudukira m'ngalande.

Oyamba kufika anali abambo anayi ocheka matabwa m'munda wa bulugamu pafupi pomwepo, utuchi uli mbuu kumutu. Okwera ena anatuluka okha n'kuthawira patali poopa moto, koma mayi wina, mlendo kwa tonsefe, mwendo wake unapanikizika pansi pa galimoto, petulo akuchucha pambali pake. Kodi inu mukanayandikira? Abambo aja sanazengereze. Anabwera ndi mtengo wautali umene amatembenuzira zipika, n'kuulowetsa pansi pa galimoto. Wamkulu wawo anandiitana mwaulemu kuti achimwene, n'kundipempha kuti iwo anayi akatukula, ine ndikankhire chipika pansi kuti galimoto isabwerere, monga amachitira pokweza mtengo padzenje lochekera.

Koma ine maso anali pa dalaivala, amene ankathawira m'chimanga poopa kumenyedwa. Ndinawayankha kuti adikire kaye ndithane ndi chitsiru chimenechi. Ndinamuthamangitsa, ndinamugwira, ndinamumenya mpaka dzanja kutupa, ndikudziona ngati ndikulipsira anthu onse aja.

Pobwerera ndinapeza kuti abambo aja anali atatukula okha, poti mayiyo ankalira kwambiri, koma popanda woika chipika mikono inatopa ndipo galimoto inagweranso pamwendo womwewo. Mayi wina wachikulire wogulitsa nthochi ndiye anakwawa m'matope n'kukankhira chipikacho abambo aja atatukulanso, mpaka anamutulutsa mayi wopanikizika uja. Wamkulu uja sanandikalipire, anangondifunsa mofatsa ngati dalaivalayo ndamumenya mokwanira. Abale, ndinasowa poika nkhope.

Patapita masabata ndinamva kwa anzanga a kabaza kuti mwendo uja anaudula kuchipatala. Mwina akanaudulabe, ndani akudziwa? Koma ine ndimakhulupirira kuti kugwa kwachiwiri kuja n'kumene kunauphwanya, ndipo amene anaigwetsa galimotoyo kachiwiri ndine. Anzanga, mukapeza ngozi pamsewu, wolakwa asiyireni apolisi, inu muyambe mwathandiza amene ali pansi. Mayi uja ali kwinakwake akuyendera ndodo mpaka lero, ndipo sadziwa n'komwe kuti kuli munthu woti akamupepese.