Mkazi Wamng'ono wa m'Galimoto ya a Celestino

Ku Fonte Boa mukafunsa za a Celestino, anthu amayamba akufunsani kaye: "Ati? A kachewere kapena a mitala?" Onsewo ndi munthu mmodzi. Ofunsawo amangofuna aone ngati nkhaniyo munaimva kale, kuti ngati simunaimve akupatseni mpando.

A Celestino anabadwira kuseri kwa misawu, mishoni ya Akatolika, naphunzira kwa ansembe mpaka pamene nkhondo inatseka shikola. Anathawira ku Dedza monga anathawira aliyense, nabwerako ndi njinga, chipewa chaubweya, ndi chizolowezi chosayankhula. Njingayo inanyamula matumba a amalonda pa Kalomwe, pamalire paja, mpaka msana unayamba kudandaula, ndiye anabwerera kumunda kukalima mbatata ya kachewere. Ukwati wawo ndi mayi Sesilia unadalitsidwa paguwa, mphete ndi zonse, ndipo anthu ankati Mulungu anagawa mosakondera: mphamvu anapatsa mwamuna, pakamwa ponse pa banjalo anapatsa mkazi. Mukapereka moni kwa a Celestino, ankayankha a Sesilia. Mukafunsa ngati kachewere wakhwima, ankayankha a Sesilia. Ngakhale chifuwa cha a Celestino, kuchipatala ankachifotokoza ndi a Sesilia, mwini chifuwa ali pambali akungogwedeza mutu.

Kachewere atachita bwino zaka zingapo zotsatizana, mwana wawo Rogério, amene amagwira ntchito ku Tete, anawapezera galimoto yakale yochokera ku Japani, yakumbuyo kwakukulu kolowa matumba. Inafika madzulo, mudzi wonse n'kuizungulira, aliyense kusiyapo chala. M'mawa mwake a Celestino analowa, a Sesilia pambali, dengu la kumsika lili pamiyendo. Atangoiliza, kagalasi ka pakati kanawala, ndipo m'galimotomo munamveka mawu a mkazi, ofewa ngati a namwino amene wangoyamba kumene ntchito. Anayankhula chilankhulo chimene panalibe ankachidziwa, n'kukhala chete.

A Sesilia anacheuka kumbuyo. Anasuzumira kunsi kwa mpando.

"Atate ake Rogério, uyu ndani?"

"Kaya."

"Kaya? Mwagula galimoto ndi mkazi yemwe, ine osandiuza? Nanga ansembe akudziwa?"

A Celestino anangoyang'ana kutsogolo. Pamenepo a Sesilia anaweramira kagalasi kaja, naomba m'manja mwaulemu. "Tadzuka, mnzanga, kaya inu aNajapani. Mwalandiridwa. Koma mudziwiretu kuti pakhomo pano wamkulu ndine."

Dzuwa lisanafike pamutu, msika wonse wa Ulongwe unali utamva kuti a Celestino atenga mitala.

ANajapani anali mkazi wakhalidwe. Ankayankhula kamodzi patsiku, poiliza koyamba, basi. Vuto lawo linali mapu. Kagalasi kaja kankaonetsa kuti galimotoyo ili pakati pa nyanja. Mukwere chitunda, mudutse m'minda ya chimanga, fumbi lili koboo, kamuvi kake kankangoyandama pamadzi. A Sesilia ankati mtengwa watsopano amatero, mtima ukali kwawo. Ndipo m'mawa uliwonse ankamasulira zimene mnzawoyo wanena. "Lero akuti malaya amenewo mwawavala kuyambira dzana." "Lero akuti mayi wamkulu mumugulire chitenje, akuchititsa manyazi." A Celestino sankatsutsa. Womasulira pa Fonte Boa ponse anali mmodzi yekhayo.

Tsiku lina anaitengera galimotoyo kwa Suzana, mtsikana wokonza matelefoni pakhonde lina la msika wa Ulongwe, kuti awatulutse m'nyanjamo. Suzana anatsegula kachitseko kunsi kwa galasi, nasuzumira, naimba mluzu.

"A tiyu, kartawu kake kali kuti?"

"Kartawu kanji?"

"Kakang'ono, ngati ka m'telefoni. Kamakhala umu. Winawake anakasolola panjira galimoto isanakupezeni." Anapukuta zala pa chitenje. "Mverani. Chinthuchi chili ndi sistema yakeyake, monga telefoni. Chikamadzuka koyamba, nzeru zake zonse chimawerenga m'kartawu kaja. Panopa chikuyendera zimene chinawerenga kalekale, chazigwira ndi moto wa bateriya. Ndi nyumba yopanda machesi iyi, bola chikuni chisazime. Tsiku limene mudzazule bateriya, chidzaiwala ndi dzina lake lomwe."

"Galimoto osayendanso?" anafunsa a Sesilia.

"Idzayenda, amayi. Injini ili ndi kabokosi kakekake, kameneko sikaiwala. Koma anzanuwa sadzatsegulanso pakamwa."

"Nanga kartawu kena sikapezeka?"

"Ka mtundu uwu? Ndinafunsirapo anthu ena ku Tete, ndinafunsa ndi ku Dedza. Amangolonjeza."

A Sesilia anawagunda amuna awo ndi chigongono. "Mwamva? Mkazi wamng'ono sagona ndi njala."

Kuyambira pamenepo bateriya ya a Celestino inakhala chinthu chosakhudzidwa. Ena amabwereketsa zawo ku maukwati, ku mipira ya pa wailesi, kotchajitsa matelefoni. Iwo ayi, mpaka anatchuka kuti ndi ouma manja. Bateriyayo itakalamba, anaitana mekaniku Vasco, amene anabwera ndi ina yapadera ndi nthambo ziwiri. Analumikiza kaye yapaderayo, kenaka n'kuchotsa yakale pang'onopang'ono, n'kuika yatsopano, moto osaduka ngakhale kuphethira kwa diso. Anthu anasonkhana kudzaonerera ngati akusamutsa wodwala pa bedi. A Sesilia anali m'kati, dzanja lili pa kagalasi. "Limbani mtima, aNajapani, sizichedwa."

A Sesilia anadwala m'dzinja, matenda osachedwetsa munthu. Popita kuchipatala ku Ulongwe anakhala kutsogolo, akudandaula za maenje a mumsewu. Pobwerera anagona kumbuyo, polowa matumba paja. Anthu anadikira kuti a Celestino alire. Anadikira pasiwa, anadikira kumanda, anadikira pa tsiku lometa. Sanalire. Akawapatsa chakudya ankadya. Akawauza kuti khalani apa ankakhala. Opepesa akagwira dzanja lawo, iwo ankacheukira kumanzere, kumene yankho linkachokera kale, kenaka n'kunena okha kuti "Zikomo," mochedwa.

Maliro atamwazika, anayamba kachitidwe kena. M'mawa uliwonse, mame akali mbuu, ankalowa m'galimoto n'kuiliza. Mkazi wa m'galimoto uja ankanena zakezo. Iwo ankakhala manja ali pa chiwongolero, osayankha, kenaka n'kuzimitsa, kutenga khasu, ulendo kumunda wapansi. Amayi pa mjigo ankati aNajapani tsopano atsala okha pabanja, akwezedwa udindo. Ankaseka ataphimba pakamwa, ndipo patapita miyezi anasiya kuseka. A Celestino eni ake sakanatha kunena ngati mawuwo ankawakonda. Chimene ankadziwa n'chakuti pakhomopo panali pakali chinthu chimene chinkayamba kuyankhula iwo asanayankhule, ndipo sichinkafuna yankho.

Chiliza cha a Sesilia anachimanga chaka chotsatira, atakolola. Inali nyengo yozizira, sabata yonse dzuwa osaoneka, mitambo ili pansi ngati ikufuna kulowa m'nyumba. Wotsogolera zonse anali a Baltazar, mlongo wawo wa malemuwo, katekista wa mawu aakulu amene sanayambe wafunapo chokuzira mawu koma amachikonda basi. Wansembe anamutsitsa ndi galimoto ya misawu imene inapitirira ku mudzi wina. Manda ali kutsidya kwa kamtsinje, mumsitu, kofika ndi kanjira kamapazi. Oimba a koro ananyamula limba lawo lamagetsi ndi chokuzira mawu mpaka komweko, ndi bateriya yawo yodalira dzuwa. Anthu atakhala pansi, wansembe atavala, woimba limba anadina. Linangoti fyuu, n'kuzima.

A Baltazar anadutsa pakati pa anthu, nagwada pafupi ndi a Celestino. Kunong'ona kwawo kunamveka mpaka kwa amayi kumbuyo.

"Alamu, dzuwa latigwiritsa mwala. Tibwerekeni bateriya ya galimoto."

"Aimbe pakamwa."

"Pakamwa? Mlongo wanga waimba m'koro imeneyi mpaka mawu kusasa. Amene anaumirira kuti koro ikhale ndi limba ndi iyeyo. Ndiye lero limbalo likhale duu pa chiliza chake?"

"Vasco ali kuti?"

"Analawirira ku Kalomwe, lole ina yafera kumeneko. Tikamudikira ameneyo, ansembe atha ndi chisanu." A Baltazar anatsitsa mawu pang'ono, kwa iwo kunali kutsitsa. "Zamaliro sakaniza, alamu. Nanga awa ndi a eni?"

Zoona, kuno zamaliro sakaniza. Maliro amazula chitseko cha nyumba, amatenga njinga ya munthu, amagwira mbuzi ya mnansi mwini wake ali kumunda. Chifukwa chokanira a Celestino anali nacho, chinali pakamwa pomwe. Anachiyesa mumtima kuti amve mmene chimvekere: kuuza akuchikazi, wansembe akumva, pamanda pa mkazi wawo wa mphete, kuti bateriya singabwere chifukwa mkazi winayo asiya kuyankhula. A Sesilia akanadziwa kanenedwe kake, manda onse akanagwa ndi phwete, wansembe yemwe. Iwo moyo wawo wonse anali asanadzifotokozerepo okha.

Anaimirira, nasasa fumbi pa thalauza.

"Khalani, alamu, tituma achinyamata."

"Ndipita ndekha."

Anaoloka kamtsinje, nakwera kachitunda mosafulumira. Pakhomo panalibe munthu, koma miphika ya amayi ophika ikufuka utsi kuseri. Analowa m'galimoto n'kuiliza. Kagalasi kanawala, kamuvi kali pamadzi pake. Mawu panalibe, popeza mkazi uja anali atayankhula kale m'mawa, ndipo sabwereza. Anadikirabe pang'ono. Anazimitsa, natsegula kutsogolo, natenga shave ya dezi, sipanala yomasulira bateriya. Ankaganiza kuti mutu wake uvuta, koma Vasco anali ataupaka girisi bwinobwino, unamasuka ndi zala. Anakweza nthamboyo. Sipanamveke kanthu. Nkhuku inadutsa kunsi kwa galimoto ikutolatola zake.

Bateriyayo anaisenza paphewa monga ankasenzera matumba pa Kalomwe. Potsetsereka, madzi ake anadonthera pa kazako yawo, jekete ya Lamulungu ija, ndipo pofika sabata yotsatira inali ndi timabowo kuyambira paphewa mpaka pathumba.

Limba linalira. Linayamba ndi kukuwa mpaka ana anatseka makutu, kenaka linapeza njira, a koro n'kulowa. Amayi analira, Rogério analira ngati mwana, a Baltazar analira m'chokuzira mawu. A Celestino anakhala pamene anawaika, maso ali pa tizitsulo tiwiri toluma mitu ya bateriya, kuti tingapulumuke. Pobalalika anthu ankauzana kuti chikondi ndi chimenecho: bateriya imene anamana dziko lonse, aisenza okha kudzapereka kwa mkazi wawo. Ena anawagwira dzanja chifukwa cha zimenezo. Iwo anati, "Zikomo."

Dzuwa litapendeka bateriya ija anaibwezera m'malo mwake, namanga mitu yonse. Injini inalira ulendo woyamba womwe, monga ananenera Suzana. Kagalasi kanawala kali bii, pakati pake pali mzere umodzi wa zilembo za ku Japani. Nyanja panalibe. M'mawa mwake chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. Suzana atamva anawaimitsa pamsika n'kunena kuti afunsanso kwa anthu ake a ku Dedza. Iwo anati, "Ukafuna."

Masiku ano a Celestino akulimabe kachewere, ndipo pa tsiku la msika amanyamula matumba ndi anthu kupita ku Ulongwe. Kumunda amapita osayamba alowa m'galimoto. Koma ukakhalapo ulendo, amailiza, n'kuika manja pa chiwongolero, n'kukhala. Apaulendo achilendo amaganiza kuti akutenthetsa injini, ndipo amayamikira kuti mdalayu amasamala galimoto. Mpando wakutsogolo nthawi zambiri amakhalapo a Baltazar, amene kudikira sakudziwa.

"Alamu, yatentha kale iyi. Tikapeza ogula atapita."

"Ndamva."

"Ndiye tiyeni."

A Celestino amayang'anabe kutsogolo kanthawi, kenaka dzanja limatsikira pa giya.