Kanema wa pa Nsaru Wandionongera Chitengwa

Lachitatu lapitali galimoto ya kanema inabwera pa Nsaru, ndipo ine ndinapita ndi miyendo yanga yomwe kukadzitengera manyazi.

Ndiyambe ndakuuzani chimene ndinkafuna. Ine ndine mphunzitsi, ndipo chino ndi chaka changa chachisanu pa chikamwini. Mtima wanga uli pa chitengwa, kuti nditenge mkazi wanga Nabanda tikakhale kwathu ku Kabudula. Koma mwini mbumba ndi atsibweni ake, a Chikuse, mkulu wa mpingo amene sakhulupirira kuti kugwira choko ndi ntchito.

Ndiye ndinati ndiwafewetse mtima ndi kanema. Ndinaonerapo kamodzi ku Halale nditapita kukazonda mkulu wanga, ndipo ndinawasimbira zonse: amuna a zipewa zikuluzikulu kuthamangitsana pa akavalo, kugwa m'maphompho, fumbi lokhalokha. Iwo anati msana ukuwawa, sangakhale pansi. Ndinawasenzera mpando wawo wandalema mpaka pabwalo la msika, n'kuwakhazika kutsogolo kwenikweni.

Dzuwa litangolowa injini inalira, chinsalu choyera chimene anapachika chinawala.

Kanema woyamba anali wa alimi awiri. Wina wanzeru, wolima mizere yopingasa. Winayo chitsiru: jekete, tayi, mandala m'maso, wakhala patsinde pa mtengo kuwerenga nyuzipepala mkazi wake ali weramu ndi khasu.

Owerenga anzanga, mukuganiza kuti ine ndinavala chiyani tsiku limenelo? Jekete, tayi ndi mandala. Nyuzipepala inali itasuzumira m'thumba.

Womasulira wa pagalimotopo anali atandiona kale. Anakweza chimkuzamawu chake nati, "Taonani bambo awa. Kuphunzira anaphunzira ndithu, koma m'nyumba mwawo ngakhale gaga mulibe."

Msika wonse unaleka kuyang'ana chinsalu n'kuyang'ana ine. A Chikuse sanaseke. Anangotsokomola kamodzi n'kunena kuti eti. Ndinamasula tayi pang'onopang'ono n'kumupinda m'thumba.

Ndinawanong'oneza kuti apirire, akavalo akubwera. Kavalo anabweradi, mmodzi, womangirira pamtengo, akudya udzu. Kwinako kunali azungu m'nyumba: kumwa tiyi, kutsekula chitseko, kutseka chitseko, kumwanso tiyi. Womasulira uja anayesa pang'ono, kenako anangotiuza kuti awa akukambirana za kwawo, n'kukakhala pansi.

Patapita nthawi mzungu wina anaomberedwa ndi mfuti. Tinamuika m'manda tonse, akazi ake analira, amayi ena pabwalopo anamvanso chisoni. Koma woyendetsa makina anasokoneza zingwe zake, chakumayambiriro n'kuchiika kumapeto. Tinangoona malemu aja alowa pakhomo, wathanzi, n'kukhala patebulo.

Apa a Chikuse anaimirira. Anati iwo akhala akuphunzitsa za kuuka kwa akufa zaka zambirimbiri, koma palibe anawauzapo kuti munthu akauka amayamba ndi tiyi. Anatenga ndodo yawo, ulendo. Ine pambuyo, mpando kumutu.

Tsono ndifunse. Kodi amene amatisankhira makanema amenewa amationa ngati ndani? Akafuna kutiphunzitsa, amatitenga ngati ana a m'kalasi yoyamba: uyu ndi wabwino, uyu ndi woipa, ombani m'manja. Kodi ulesi tinali tisanaumvepo mpaka utabwera pa galimoto? Akafuna kutisangalatsa, amatipatsa anthu amene sitikudziwa mayina awo, mafuko awo, ngakhale chimene ayambanirana. Ndipo chinsalu sichimva. Ungakuwe bwanji kuti bambo inu kumbuyo kwanu kuli munthu wa mfuti, iye amangomwabe tiyi wake.

Loweruka masana amayi a mumpingo mwathu anachita sewero pansi pa mkuyu wa pasukulu. A Chikuse analipo, pampando wawo womwe uja, inenso ndinalipo. Panalibe injini kapena chinsalu. Anabwereka mabuluku a amuna awo, n'kudzilemba ndevu ndi makala. Madengu ovundikira ndiwo anali nkhokwe.

Nkhani yake, ndikulumbira kuti sindinawatume ine, inali ya mtsibweni wokaniza chitengwa. Mayi Nankhoma, amene masiku onse amayenda mwaulemu ngati anyamula mazira, ndiwo anali nkhalambayo: chipewa chong'ambika, kutsokomola, kununkhiza fodya wa m'mphuno. Mkamwini akamanga nkhokwe n'kubwera kudzagwada, iyo imati chaka chamawa. Akamanga chigafa, chaka chamawa. Ana anabadwa, anakula, mkamwini anayamba kuyendera ndodo, koma yankho lomwelo.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Amuna ena anaseka moyang'ana pansi. Mayi wina wachikulire amene mwana wake anakwatira kutali ankapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Nkhalamba ija itanena chaka chamawa kachisanu, ndinamva mpando wandalema ukulira. A Chikuse anali ataimirira, akuloza nkhalambayo ndi ndodo.

"Iwe nkhalamba, mleke mwana wa eni ake atenge mkazi wake! Wakulimira zaka zingati?"

Mayi Nankhoma sanatekeseke. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anakanda ndevu zamakala zija nati, "Kodi mbumbayi ndi yanga kapena ndi yanu, achimwene?"

Sewero linaima kaye. Ena anali mbali ya a Chikuse, ena mbali ya nkhalamba, mpaka mlaliki anachita kulowererapo kuti amayi amalize. Pobwerera kumudzi anthu anali akukanganabe, ndipo mpaka lero nkhaniyo sinathe kumjigo ndi kumadimba.

Chimenechi ndiye choonera. Munthu umachokapo utanyamula kanthu koti ukatsutsane ndi mnzako. Eni galimoto ija akadakhala omva, bwenzi atabwera ndi makina awo kudzajambula amayi amenewa, m'malo motisenzera tiyi wa anthu ena.

Ine sindinachedwe. Lolemba nditaweruka, osadikira n'komwe ankhoswe, ndinakawapeza a Chikuse akusankha fodya m'chigafa. Ndinagwada, ndinayamikira sewero, kenako ndinawakumbutsa mwaulemu mawu abwino amene anayankhula pamaso pa mpingo wonse.

Anavomera kuti anayankhuladi, ndipo sangabweze. Anatembenuza tsamba la fodya, kuliyang'ana kuwiri konse.

"Koma mkamwini ujatu anamanga nkhokwe zitatu ndi chigafa, ine ndikuona ndi maso angawa. Inu aphunzitsi mwamanga zingati?"

Ndinawauza kuti zimene zija sizinali nkhokwe zenizeni, anali madengu chabe.

"Yambani ndi dengu," anatero.

Choncho abale anga a ku Kabudula, chaka chino musandisesere pabwalo. Koma kodi pali wina akudziwa kumene kukupezeka nsungwi zabwino kuno kufupi ndi Nsaru?