Gitala Lamanzere la Justina Njobvu

Ku Peckham mu London, mukapatuka mumsewu wa Rye Lane n'kulowa m'kanjira ka timashopu kamene kamayambira pa ogulitsa nsomba zouma, shopu yachinayi ndi ya Justina Njobvu. Iyeyu ndi telala. Anabadwira ku Katete, kusoka anaphunzirira ku Kamwala mu Lusaka, ndipo ku London anabwera ali ndi zaka makumi atatu, kutsatira mwamuna wake Abednego amene amayendetsa basi. Lero ali ndi zaka 56. Ndi wamfupi, wamawu aakulu, ndipo ndi wamanzere.

Kukhala wamanzere kunamuvutitsa kuyambira ali mwana. Kusukulu ankamumenya ndi rula kuti alembe ndi dzanja lamanja. Ku Kamwala anadula nsalu ndi sizasi ya anthu amanja mpaka chala chachikulu chinachita matuza. Zonsezo anapirira. Chimene sanachiiwale ndi tsiku lina kutchalitchi cha kwawo, ali ndi zaka khumi ndi zitatu, pamene ananyamula gitala la anyamata a kwaya. Analigwira mmene manja ake anafunira, anyamatawo n'kugwa nacho chiseko.

"Taonani, waligwira chozondotsa! Bwerera kumzere ukavine, iwe."

Analibweza, ndipo kwa zaka makumi anayi sanakhudzenso gitala.

Chaka chathachi, mnyamata amene ankaimba gitala kutchalitchi chawo cha ku London anapeza ntchito ku Leeds, nasamuka. Kwaya inatsala ndi kiyibodi yokha, nyimbo zikumveka ngati ndiwo zopanda mchere. Gitala lamagetsi la mpingo linangokhala pakona masabata asanu. Sabata lachisanu ndi chimodzi Justina analinyamula n'kukwera nalo basi.

Kunyumba anazindikira kuti nalonso linali la anthu amanja. Akalitembenuza, timabatani tokwezera mawu tinkamukanda pamkono, chingwe chamagetsi chikumubaya m'nthiti. Anapita kushopu ya zoimbira m'tauni. Magitala anali mbwee pakhoma, koma amanzere awiri okha, onse olemera ndiponso aakulu ngati anawapangira munthu wotalika kawiri kuposa iye.

"Ndiye mutani, amake Nicole?" anafunsa Abednego atabwerako kushifiti, akuvula nsapato.

"Chiyambire ndili ndi zaka khumi ndi zisanu sindinavalepo diresi losoka wina," anatero Justina. "Ndipanga langa."

Abednego anamuyang'ana, nsapato imodzi ili m'manja. "Gitala si siketi."

"Zonse n'kuyeza ndi kudula. Tengani tepi iyo."

Anakhala pampando, mwamuna wake n'kumuyeza monga iye amayezera makasitomala: kuyambira pantchafu kufika pachifuwa, pachigongono kufika kunsonga za zala. Abednego ankaseka, komabe manambala analemba bwinobwino. Justina anajambula patani papepala la khaki, nalidula, naliyesa pathupi pake, nalichepetsa m'chiuno kawiri mpaka linamukhala.

Thabwa silinamuvute. Kuseri kwa shopu kunali tebulo lakale lodulira nsalu, limene analipeza momwemo pamene ankalowa zaka makumi awiri zapitazo. Mwendo umodzi unali utathyoka, koma thabwa lapamwamba linali lochindikala, lolimba, louma bwino. Kumtunda kwake kunali zipsera za sizasi ndi chilemba chakuda pamene anaiwalapo ayironi tsiku lina. Kunsi kunali kosalala, koyera. Anaganiza kuti kunsiko ndiye kudzakhale nkhope ya gitala, zipserazo zibisike kumbuyo.

Pansi pa mlatho wa sitima, pafupi ndi siteshoni, pali malo amene anthu a m'deralo amakabwerekako zida zaukalipentala n'kugwirira ntchito pomwepo. Woyang'anira ndi Cynthia, mayi wa ku Jamaica, kalipentala wosalankhula zambiri. Lachiwiri lililonse masana Justina ankatseka shopu n'kupita kumeneko. Cynthia anamuonetsa kagwiridwe ka sowo yamagetsi ndi makina okumbira mabowo m'thabwa. Sitima ikamadutsa pamwamba, fumbi linkagwa kudenga, aliyense n'kuyamba waima kaye. Khosi la gitala, lokhala ndi timizere tachitsulo todinirapo nsambo, Justina anagula lopangiratu, chifukwa Cynthia anamuuza mosabisa kuti limenelo si la munthu woyamba kumene.

Lachiwiri lachinayi anali atadula thupi la gitalalo n'kukumba malo olowetsamo khosi. Analowetsa khosilo, linakwana ndendende. Mwachimwemwe anakhala pabenchi n'kuliika pantchafu. Pomwepo anaona cholakwika. Khosi linaloza kumanzere, kumene limaloza kwa anthu amanja. Poika patani pathabwa anali ataitembenuza. Telala amene wasoka kwa zaka makumi anayi anali atachita cholakwa chimene amakalipira nacho ophunzira, chodula mikono iwiri ya malaya ya mbali imodzi.

Sanalire pamaso pa Cynthia. Anakulunga thabwalo m'chitenje, nakwera basi, nakaliponya pansi pa bedi. Milungu itatu sanalitchule. Thabwa lotsala silikanakwana gitala lina.

Amene anamudzutsa ndi Victor, wokonza mafoni m'shopu yoyandikana nayo. Victor ndi bambo wa imvi, wobadwira pafamu ya fodya ku Zimbabwe kwa makolo ochokera ku Dedza, ndipo Chichewa chake chimatuluka chosakanikirana ndi Chishona. Iye anali atalonjeza kuthandiza pa zamagetsi.

"Asisi, gitala lija lafika pati? Waya ndinaitanitsa uja wabwera."

Justina anamufotokozera zonse, maso ali pamakina.

"Kasitomala akabwera ndi buluku lobooka mumalitaya?" anafunsa Victor.

"Ndimaika chigamba."

"Nanga apa chavuta n'chiyani? Litembenuzeni. Bowolo likhale kumbuyo."

"Ndiye kutsogolo kubwere zipsera zija? Ndi chilemba cha ayironi?"

"Anazipanga ndani zipserazo? Si inu nomwe?"

Lachiwiri lotsatira Justina anabwerera pansi pa mlatho. Anacheka chidutswa cha mwendo wothyoka uja, nachisema mpaka chinalowa m'bowo lolakwikalo mothina, nachimata ndi guluu. Kenako anatembenuza thabwa n'kukumba bowo latsopano. Popala ndi sandipepa, zipsera zazing'ono zinachoka, zakuya zinatsala. Atapaka vanishi kachitatu, chilemba cha ayironi chinaoneka bwino lomwe pansi pa malo odutsa nsambo, ndipo Cynthia anachisisita ndi chala n'kunena kuti asayerekeze kuchiphimba ndi penti.

Chinatsala ndi kachipangizo kamene kamatola kulira kwa nsambo n'kukutumiza ku sipika. Oimba amakatcha pikapu. Victor anafotokoza kuti m'kati mwake mulibe zodabwitsa: timaginito tisanu ndi kamodzi, tokulungidwa ndi waya wa kopa wowonda ngati tsitsi, maulendo zikwi zisanu ndi zitatu.

"Kugula n'kosavuta," anatero. "Kukulunga pamanja mungakalambe nako."

Justina anayang'ana wayayo, nayang'ana makina ake osokera. "Ba Victor, kodi uku si kukulunga ulusi pa bobini?"

Anamata kachipangizoko pagudumu la makina, Victor n'kulumikizapo kowerengera kuzungulira. Justina anaponda pang'onopang'ono, waya ukudutsa pakati pa zala zake ziwiri. Ulendo woyamba unaduka asanafike chikwi chimodzi. Wachiwiri anafika zikwi zisanu, kenako mayi wina analowa akufuula za diresi lake la ukwati, phazi la Justina linadzidzimuka, waya n'kuti thapu. Anamasula wonse, nautaya. Tsiku lachitatu anapachika chikwangwani pachitseko kuti watuluka, nayambanso kukulunga. Zala zake zinali zitaudziwa tsopano wayayo, pamene ukufuna kumasuka ndi pamene watsala pang'ono kuduka. Nambala itakwana, Victor anayeza ndi kamita kake.

"Uli moyo," anatero. "Ine zaka zonsezi ndikugwira mawaya, izi sindikanatha."

Analiyesa Lachinayi masana m'shopu momwemo, pakati pa nsalu zolendewera. Abednego anabwera ndi yunifolomu yake, atanyamula sipika ya mpingo. Justina analumikiza chingwe, natsegula. Chimene chinatuluka ndi phokoso lokhalokha, ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini. Wometa tsitsi wa kumapeto kwa kanjira anasuzumira kufunsa ngati magetsi avuta.

Victor anagwira nsambo, phokoso silinasinthe. Anamasula kachivundikiro ka pamawaya, nayang'ana ndi tochi ya foni. "Cholakwa changa ichi. Waya umodzi sindinawotcherere." Panapita mphindi zisanu, fungo la mtovu wosungunuka lili m'shopu monse. Atatsegulanso, kunali zii.

Justina analiika pantchafu. Linamukhala monga patani ija inamukhalira, mkono wamanzere ukugwera pamalo pake popanda chomukanda. Anadina nsambo ndi zala za kumanja monga anaonera pafoni, nakhwacha ndi chala chamanzere. Mawu anatuluka okhuthala, ofunda, nakhala m'mwamba nthawi yaitali asanazilale. Anakhwachanso. Ogulitsa nsomba anasiya makasitomala n'kubwera pakhomo.

"Amake Nicole," anatero Abednego, "ili ndi tebulo lija?"

"Ndi lomwelo. Khalani pansi, mukunditchingira kuwala."

Kuimba kwenikweni sanakudziwebe. Lamulungu loyamba kutchalitchi ankadziwa kagwiridwe ka nsambo katatu kokha, ndipo anapempha kuti sipika yake aitsitse, abisale kumbuyo kwa kiyibodi. Panyimbo yachiwiri anasochera, naima, nadikira kolasi n'kulowanso. Palibe anatembenuka. Potuluka, amayi a kwaya anamuzungulira, aliyense akufuna kuligwira, ndipo mmodzi anafunsa ngati chilemba chakudacho anachita kujambula dala.

Gitalalo ndi lolemerabe kuposa mmene ankafunira, choncho analisokera lamba wotambalala wa chitenje, woika thonje m'kati. Masiku ano limakhala m'shopu, pambali pa makina. Kasitomala akachedwa, Justina amalinyamula osalumikiza ku sipika n'kumayeseza nyimbo za Lamulungu likudzalo, milomo ikuwerenga chamumtima. Wafika pa kagwiridwe kasanu ndi kawiri. Nsonga za zala zake za kumanja zauma gwa, moti singano ikamubaya posoka mpendero, amangozindikira ataona kadontho ka magazi pansalu, ndiye amathamangira madzi ozizira asanabwere mwini diresi.