Santa wa ku Limbe

Ndikukumbukira Khirisimasi yathu yachiwiri ku Barking, mu London, ndili ndi zaka khumi. Amayi ndiwo anatsogola kubwera kuno kudzagwira ntchito ya unamwino pachipatala cha ku Romford, ine ndi abambo tinachita kuwatsatira. Ku Limbe abambo anali telala wapakhonde, ndipo Disembala ikafika makina awo sankazizira. Kenaka kaunjika anadzaza msika, anthu n'kusiya kusoketsa. Kuno ankasesa m'maofesi eni ake asanafike, ndipo palibe amene ankawafunsa zomwe ankachita kumudzi.

Kwathu Khirisimasi inali chovala, basi. Mphatso sinkabisidwa. Abambo ankandiimika pampando, mapini ali kukamwa, n'kumandiuza kuti nditambasule manja ndisiye kuseka. Ndinkaliona diresi langa likukula tsiku ndi tsiku, lero mkono, mawa kolala. M'kati mwa kolala ya chovala chilichonse ankasokamo kamtanda ka ulusi wofiira, chizindikiro chawo. Tsikulo likafika ndinkagwada n'kuthokoza, ndipo kutchalitchi azimayi ankanditembenuza uku ndi uku kufunsa kuti wasoka ndani.

Chaka chimenecho abambo anagula makina akale pamsika wa Romford, n'kubwera nawo pabasi atawakumbatira ngati khanda. Anawaika patebulo la kukhitchini, nawathira mafuta. "Amalawi onsewa ali kuno amawasokera ndani?" ankatero. "Ndingosoka chimodzi chooneka bwino, enawo abwera okha." Ankafuna kubwezeretsa dzina lawo. Ankafuna kuti munthu mmodzi yekha mu London muno awaitane kuti atelala.

Lamulungu tinkapemphera ndi Amalawi anzathu m'holo ina yobwereka. Mkulu wathu anali a Mbewe, akauntanti amene anaphunzira ku America ndipo sankalola kuti tiiwale zimenezo. Iwowo ndiwo anabweretsa mwambo wa Secret Santa: aliyense atole dzina m'chipewa, amgulire mphatso mwini dzinalo, koma asadziwike. Anatiphunzitsanso mbiri yake. Anati kalekale ku America mphatso zinali zopanga ndi manja, mayi amaluka masokosi, bambo amasema chidole, mwana amasangalala ndi lalanje limodzi. Kenaka kunabwera masitolo akuluakulu ndi mapepala okulungira onyezimira, anthu n'kuyamba kungogula, mpaka lero amaikamo ndi lisiti kuti wolandirayo akabweze ngati sizinamukomere. Iwo ankanena zimenezi ngati chitukuko. Abambo anamva theka loyamba lokha. Pobwerera ankangomwetulira m'basi, akuti, "Wamva? Nawonso ankasoka."

Dzina lomwe anatola linali la Natasha, mwana wa a Mbewe omwewo, wamkulu pang'ono kwa ine. Loweruka lake anavala jekete, napachika tepi yoyezera m'khosi, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze.

"Dad, it's supposed to be a secret," ndinawauza tili panjira. Nthawi imeneyo Chichewa ndinkachimva koma ndinali nditayamba kuyankha m'Chingerezi.

"Chinsinsi cha chiyani? Ndikukaba kodi? Chovala sasoka mongoganizira, mwana iwe."

Amayi a Natasha atamva chomwe tabwerera anaseka mpaka kutsamira chitseko. "Koma a Banda inu! Ndiye mwaulula kaletu. Mukanangopita ku shopu, gift card yomweyo ikanakwana." Komabe anamuitana mwanayo. Natasha anaima pakati pa chipinda atatambasula manja, maso ali pa TV, abambo atagwada pakapeti akuyeza mpendero. Ine ndinkangoyang'ana nsapato zanga. Manyazi anandigwira, ndipo chomwe chinkandipweteka kwambiri n'chakuti abambo analibe manyazi ngakhale pang'ono. Anali osangalala.

Anagula nsalu yabuluu yolemera, chifukwa cha kuzizira, ndi chitenje chokongoletsera m'mbali. Anagulanso yanga, yobiriwira, naidula tsiku lomwelo. "Lako ndisoka likatha ili," anandilonjeza, "udzavala pa Nyuwere." Akaweruka sankagona. Nyumba yonse inkanunkhira mafuta a makina ndi nsalu yosita, iwo akuimba nyimbo za m'buku chapansipansi. Ndinali ndisanawamve akuimba chibwerere.

Amayi anayesa kuwachenjeza. "Bambo a Tadala, ana a kuno amafuna za m'sitolo. Musadzivute chonchi."

"Kupatsa n'kuika," anayankha osadzutsa mutu.

Phwando linachitika masana m'holo muja. Panali mtengo wapulasitiki wokhala ndi timagetsi, pansi pake mulu wa mabokosi. Lathu linali lokulungidwa bwino, amayi ndiwo anakulunga. Natasha anang'amba pepala, natulutsa diresi lija. Ndikunena zoona, linali lokongola, ndipo ndinamuchitira nsanje. Iye anatembenuza kolala kufuna kuona dzina la sitolo. Kenaka anakutumula pepala lija, nayang'ana pansi.

"Mum, there's no receipt."

"Imeneyo ndi ya Santa wa ku Limbe," anatero a Mbewe, anthu n'kuseka. Sikunali kuseka kwa nkhanza ayi, n'chifukwa chake mwina kunapweteka kwambiri. Abambo anali ataimirira kale, akukonza jekete, kudikira kuti mwanayo akavale abwere amuone m'mapewa ngati mwakhala bwino. Palibe anamuuza kuti akavale. Palibe anabwera kudzathokoza, poti mwambowo umati wopereka sadziwika, ngakhale holo yonse inkamudziwa. Diresi linapindidwa n'kulowa m'jumbo limodzi ndi zinyalala za mapepala, dzina lina n'kuitanidwa. Abambo anaimabe kanthawi, kenaka anakhala pansi.

Iwo analandira kapu yomwera tiyi m'kabokosi. Anazungulira holo yonse ndi kapu ija kufunsa kuti athokoze ndani. Aliyense ankangoseka, "Ndi Santa, a Banda." Munthu woleredwa ngati iwo sakanatha kulandira chinthu n'kungokhala chete. Pomaliza ndinawaona ataima patsogolo pa mtengo wapulasitiki uja, kapu ili m'khwapa, akuwomba m'manja pang'onopang'ono.

Anadikirabe. Lamulungu lililonse ankayang'ana pakhomo la holo kuti mwina Natasha alowa atavala. Foni ikalira ankathamangira, poganiza kuti ndi wofuna kusoketsa. Nyuwere inadutsa, nsalu yanga ili chidulire. Ankati akudikira kuti aone kaye mmene loyamba lija lakhalira pathupi.

Chakumapeto kwa Januwale tinapita ku Romford kukandifunira jekete m'masitolo aja ogulitsa zovala zomwe anthu apereka. Mvula inkawaza, m'sitolomo munkanunkha zovala zakale. Ine ndiye ndinayamba kuliona, buluu uja pakati pa majuzi, ndipo ndinayesa kuwakokera abambo kwina. Ndinachedwa. Analichotsa pahang'ala, natembenuza kolala. Kamtanda kofiira kanali pomwepo. Mizere yomwe anasita ndi manja awo inali isanafufutike, kusonyeza kuti silinavalidwepo n'kamodzi komwe.

Mayi wachizungu wogulitsa m'sitolomo anabwera akumwetulira, nati n'lokongola, koma zopanda dzina la sitolo sizimayenda malonda. Abambo anamufunsa m'Chingerezi chawo chaulemu kuti zikapanda kugulidwa zimapita kuti. Iye anati zimamangidwa m'mabelo n'kutumizidwa kunja, zambiri ku Africa, kukathandiza anthu. Ananena mokoma mtima ndithu.

Abambo anagwedeza mutu. Analibweza pahang'ala, nawongola mapewa ake bwinobwino, nakoka mpendero kuti ukhale mofanana. Tili panja ndi pamene analankhula, osati kwa ine kwenikweni. "Ndiye kuti kaunjika kwawo n'kuno. Lipita ku Limbe limenelija, likamalize telala wina."

Titafika kunyumba anachotsa makina patebulo, nawaphimba ndi chitenje chotsala chija, n'kuwakankhira pansi pa bedi. Amayi anangowaikira tiyi m'kapu ya Santa ija poti ndiyo inali pafupi. Sindinawamvenso akuimba. Ndinalira tsiku limenelo, koma ndinkalirira diresi langa lobiriwira, poti nzeru zanga zinkathera pomwepo.

Abambo alipo mpaka lero, ku Barking komweko, tsitsi lonse mbuu. Anapuma ntchito yosesa. Mwambo wa kuno anauphunzira bwino, moti a Mbewe akanawaona akananyadira. Disembala ikafika amapita kusitolo, n'kugula timakadi ta mphatso tija, kamodzi ka mdzukulu aliyense. Salembapo dzina lawo. Ana anga amati "Thanks, Grandad" maso ali pafoni, iwo n'kungokweza dzanja. Sadziwa msinkhu wa mdzukulu wawo ndi mmodzi yemwe, munthu amene ankatha kukuyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti nsalu ikwana yotani.

Zidutswa za diresi langa ndili nazo ine. Ndinazipeza m'thumba la pulasitiki tikusamutsa bedi lija, mizere ya choko ikuonekabe, mapini atachita dzimbiri. Chaka chatha ndinapita nazo kwa iwo, ndi mwana wanga wamkazi amene anali atangokwanitsa zaka khumi. Ndinayankhula Chichewa changa chonse chomwe ndinachitolanso nditakula. Ndinati, "Ababa, muyezeni mdzukulu wanuyu, mwina limukwana." Anagwira nsalu ija, naisisita ndi chala, n'kundibwezera.

"Mumugulire cha m'sitolo," anatero. "Chikapanda kumukomera akabweze."

Pano ndimamvetsa chomwe a Mbewe ankachitcha chitukuko. Tepi ija sinali yoyezera nsalu yokha. Kuti umusokere munthu umayenera kupita kwawo, kumugwadira, kumudziwa mapewa, ndipo iye amayenera kukudziwa kuti akuthokoze. Mphatso za masiku ano zinakonzedwa kuti zonsezo zisafunike, wina asavutike ndi mnzake. Ku America zinawatengera mibadwo kuti afike pamenepo. Abambo anga zinawatengera Khirisimasi imodzi, ndipo ine ndinaima pambali pawo ndikuona, osatha kuchitapo kanthu.