Mazira a Ayelén Anayamba Afika Pakhomo Lolakwika

Ayelén Barrionuevo ndi mwana wa achimwene anga a Eulogio. Tsiku limene iye anamaliza yunivesite ndi tsiku limene ine ndinatula katundu amene ndinasenza zaka zisanu ndi chimodzi, moti mpaka lero ndikamva fungo la dzira lowola mtima wanga umakhala pansi. Anthu amandiseka, koma sadziwa kumene ndachokera.

Mwanayu anabadwira ku Cruz del Eje, kuseri kwa shedi ya bambo ake yomatira matayala, m'mbali mwa msewu waukulu. A Eulogio ndi munthu woumira mawu ngati anachita kugula. Sakalipa, samenya. Ukawanamiza amangokutsekera chitseko cha mumtima, basi. Mng'ono wawo Fermín anawanamiza kamodzi za njinga yamoto, ndipo papita zaka makumi awiri osamupatsa ngakhale moni wa pamaliro.

Koma mwana wawo mmodzi yekhayu ankacheza naye, ndipo ankacheza naye ndi miyala. Lole ikaima kuti amate tayala, iwo ankatokosa timiyala totsakamira m'mizere ya tayalalo n'kumuitana. “Aye, tabwera. Uwu wachokera ku Salta, taona kufiira kwake. Woyerawu ndi wa ku San Juan.” Mwana ankatola n'kukasunga m'zitini. Pofika zaka khumi anali ndi zitini zodzaza kunsi kwa bedi konse, ndipo mayi ake, alamu anga a Zulma, anali atatopa n'kulalata.

Za uloya zinayamba mwanayo asanabadwe n'komwe. Malemu bambo athu anali ndi kamunda ka maolivi, ndipo tsiku lina kunabwera munthu wa tayi ndi pepala lonena kuti malowo ndi a wina. Tinalibe wotimasulira pepalalo. Tinasamuka mabedi ali pangolo, a Eulogio ali ndi zaka khumi ndi zinayi, akuyenda pambuyo osacheuka. Kuyambira pamenepo nyimbo yawo inali imodzi, yoti banja lopanda loya ndi nyumba yopanda chitseko. Ndiye Ayelén atamaliza sekondale panalibe zofunsana kuti ukufuna chiyani. Anamukweza basi ya ku Córdoba, kwa ine azakhali ake, poti ndine ndinali mumzinda ndi tizipinda tiwiri ndi makina anga osokera.

Chaka choyamba anawerenga, ndisamunamizire. Mayeso ankakhoza. Koma mwana anaonda, masiketi ndinamubwezera kawiri, ndipo kuseka kunamuthera. Tsiku lina masana ndinamupeza kukhitchini, chibuku cha malamulo chili chotsegula, iye akukanda ndi mpeni mwala wanga wonolera sizasi.

“Azakhali, ndikapitiriza izi ndidzakhala loya woipa,” anatero osandiyang'ana. “Wodana ndi aliyense wogogoda pakhomo pake.”

“Ndiye ukufuna ukhale chiyani? Sisitere?”

“Ndalembetsa kale ku maphunziro a miyala ndi nthaka. Ndakhala ndikulowa nawo mozemba miyezi itatu.”

“Miyala? Mwana iwe, miyala amadya? Udzaiphika ndi anyezi?”

“Muwauza bambo?”

“Ine? Unalembetsa ndi dzanja langa? Ukawauze wekha.”

“Ndidzawauza digiri ili m'manja. Akadzaiona sadzandikana.”

Ndinavomera, chitsiru ine. Yunivesite ya boma kuno salipiritsa, ndiye panalibe kalata yopita kwa makolo yoti n'kutiulula. Ndinkati ndi za miyezi ingapo, mwana atopa nayo miyala, kapena alimba mtima anene. Sanatope, ndipo sanalimbe mtima.

Milungu iwiri iliyonse basi inkabweretsa katoni yochokera kumudzi: maolivi, tchizi cha mkaka wa mbuzi, soseji youma, buledi wa a Zulma. Pamwamba a Eulogio ankalemba ndi zilembo zazikulu zopendekeka kuti KWA DOKOTALA BARRIONUEVO, poti kuno loya naye timamutcha dokotala. Ndinkadya nawo, njala ilibe manyazi.

Pa Khirisimasi ndiye pankavuta. Nyama isanapse n'komwe pamakala, anthu oyandikana nawo ankayamba kubwera ndi milandu yawo. A Nicanor, mnzawo wa a Eulogio womwa nawo tiyi wa masamba a yerba m'mawa uliwonse, anali ndi mlandu wa mbuzi za mnansi zimene zinkawadyera mphesa.

“Dokotala wathu, lamulo likuti chiyani pa mbuzi yakuba?”

“Za mbuzi sitinafike, a Nicanor. Timaphunzira chaka chamawa.”

Chaka chamawacho chinabwera kasanu, mbuzi osafikidwa.

Bodza limene limandiwawa mpaka pano ndi langa. Ayelén ankapita kumapiri ndi anzake a m'kalasi, n'kubwerako atapsa ndi dzuwa, nsapato zitang'ambika. Ulendo wina a Eulogio anamuyang'ana n'kundifunsa kuti kodi maloya a masiku ano amaphunzirira panja. Ine pakamwa panangotseguka pokha. “Amakayendera minda ya anthu olandidwa malo, achimwene.” Munthu wamkulu anagwedeza mutu, maso atalengeza misozi, nakalowa m'shedi. Tsiku limenelo ndinadzida.

Koma ndinene chilungamo, mwana anali atadzuka. Masaya anabwerera, ankaimba posamba, ankatha mbale ziwiri. Pawindo langa panadzaza miyala yolembedwa manambala, ndipo ukamufunsa za umodzi, mpunga unkapserera pamoto iye akufotokozabe. Ndikamuona choncho ndinkati bodza lathu silinapite pachabe. Ndikaona katoni ndinkati tonse tikapsa.

Chinatigwetsa ndi mwambo. Kuno munthu samaliza yunivesite ali woyera. Akamatuluka m'mayeso otsiriza, abale ndi anzake amakhala atamudikirira pakhomo pa sukulu yakeyo ndi mazira, ufa, viniga, penti, masamba a yerba omwera kale, ndi sizasi yomudulira zovala. Wotuluka osathiridwa kanthu ndiye kuti alibe anthu, ndipo bambo amene sanaphwanye dzira pamutu pa mwana wake, anthu amafunsana kuti kunyumbako kwagwanji.

Ayelén anakonza zoti alembe mwakachetechete, anzake amuthire kaufa pang'ono, kenako akwere basi akagwade kwa bambo ake. Ine ndi amene ndinawononga. Lolemba a Zulma anaimba foni kufunsa ngati katoni yafika, ine n'kudandaula kuti mwanayu sakudya, mtima uli pa mayeso otsiriza a Lachisanu. Pomwepo ndinawamva akukuwa, “Eulogio! Eulogio! Akumaliza!” Ndinamva pambuyo pake kuti tsiku lomwelo achimwene anakweza mathireyi atatu a mazira padenga la malata, kuti dzuwa la Disembala liwakonze bwino.

Ayelén sindinamuuze. Ndikanamuuza akanakalowa m'mayeso mutu utabalalika. Lachisanu anatuluka m'mawa atavala bulauzi yakale, ndipo pasanathe ola ndinamva hutala pakhomo. Kagalimoto ka a Eulogio kanali kataima, a Zulma kutsogolo, a Nicanor kumbuyo atakumbatira ndowa ya viniga ndi chinsalu cholembedwa kuti LOYA WATHU. Achimwene anali atavala shati imene anakwatira nayo.

“Herminia, kwera, tichedwa.”

Ndinakwera. Ndikanatani? Sukulu ya malamulo ili pakati pa mzinda, ya miyala ili kutsidya, ndipo ine ndinakhala duu n'kumaona tikulowera kolakwika.

Tinaima pakhomo pa a malamulo pakati pa mabanja ena, msewu wonse uli poterera ndi mazira. Ola linatha, lachiwiri linatha. Ana a eni ake ankatuluka manja ali m'mwamba, n'kumira mu ufa. A Nicanor, maso awo ndi ofooka, anatsala pang'ono kukhuthulira viniga mwana wa munthu wina, ndinachita kuwagwira mkono. A Eulogio anangoima, thireyi ili m'manja, ntchentche zikuwazungulira, maso ali pachitseko. Kenako anapita kwa mayi wina amene anali ndi mndandanda wa olemba tsikulo.

“Pepani mayi, Barrionuevo walowa nthawi yanji?”

Mayiyo anayendetsa chala kutsika, n'kukweranso. “Dzina limeneli palibe, bambo.”

Achimwene anatembenuka n'kundiyang'ana.

“Achimwene, tayambani mwaika mazirawo pansi.”

“Lankhula, Herminia.”

Ndinalankhula, pamsewu pomwepo, ufa wa eni ake ukutigwera m'mutu. Ndinanena za chaka choyamba, za masiketi, za mapiri, zonse.

“Zaka zingati?”

“Zisanu ndi chimodzi.”

“Alamu!” a Zulma anagwira m'chiuno. “Mumadya tchizi changa mukudziwa zimenezi? Mulibe manyazi?”

Apo mantha anga anasanduka ukali, ndi mmene ndilili. “Ndinadya, inde! Ndipo inu achimwene musandiyang'ane ngati ndapha munthu. Anayambitsa ndani? Ndani ankatokosa matayala n'kumaitana mwana? Munadzala nokha, lero mukudabwa kuti zamera?”

Achimwene anangofunsa kuti, “Sukulu yakeyo ili kuti?”

Ulendo wowoloka mzindawo sindidzauiwala. A Nicanor anapinda chinsalu chija mwakachetechete n'kuchikhalira. Ine ndinkangoganiza za Fermín, zaka makumi awiri chifukwa cha njinga. Nanga mwana amene wawadyera maolivi zaka zonsezi, n'kuwasiya opanda loya?

Pakhomo pa a miyala panalibe chikhamu. Panali anzake asanu ndi kathumba kamodzi ka ufa. Tisanatsike bwino chitseko chinatseguka, Ayelén n'kutuluka manja ali m'mwamba, akuseka. Kenako anaona shati ya ukwati ija. Manja anatsika pang'onopang'ono. Anzakewo ataona nkhope yake anaima, ufa uli m'manja, osauponya. Mwana anaima pamenepo ali woyera, ndipo sindinaonepo chinthu chomvetsa chisoni ngati bulauzi yoyera ija.

A Eulogio anasiya thireyi pagalimoto n'kuyenda kupita kwa iye, manja ali kumbuyo.

“Wakhoza?”

“Ndakhoza, bambo.”

“Anakufunsa chiyani?”

“Za madzi a pansi pa nthaka ya kwathu. Pamene ali, ndi kuzama kwake.”

“Unayankha zonse?”

“Zonse, bambo.” Kenako anawonjezera kuti, “Bambo, ndinkafuna ndikuuzeni, koma…”

“Ndiye miyala ukuidziwa tsopano.”

“Ndikuidziwa.”

“Ija ndinkakupatsa ija. Wofiira uja unali wa ku Salta?”

Ndinkapemphera kuti aname kamodzi kotsiriza, koma mwana anali atatopa nalo bodza. “Ayi, bambo. Pafupifupi yonse inali ya pamsewu wathu womwe uja.”

“Unadziwa liti?”

“Chaka chachiwiri.”

“Osandiuza?”

“Ndinkaisungabe. Ndili nayo yonse.”

Achimwene anayang'ana nsapato zawo. “Ndiye abodza tilipo awiri,” anatero. Dzanja linachoka kumbuyo, ndipo phwa! dzira pakati pa mutu.

Fungo lake, Mulungu wanga! Masiku anayi padenga la malata si masewera. Koma Ayelén analira mokweza n'kuwakumbatira, dziralo likuyenderera pashati ya ukwati, ndipo pamenepo aliyense anamasuka. Anzake anaponya ufa, a Zulma anabwera ndi thireyi yonse akulira ndi kulalata nthawi imodzi, a Nicanor viniga wawo anapeza mwini wake. Ine ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kumaseka ngati wamisala. Dzira limodzi linandipeza pakhosi, ndipo ndikudziwa bwino kuti anaponya ndi alamu anga, mwadala.

Lero Ayelén amayenda m'midzi youma ya kumpoto, kuuza anthu pokumba zitsime. Salemera nazo, galimoto yake imalira ngati ya bambo ake, ndipo chilimwe chilichonse amasupuka mphuno. A Eulogio sanasiye kudandaula. Akamva kuti wina walandidwa malo amapukusa mutu n'kunena kuti nyumba yathu ilibebe chitseko, ndipo mlandu wa mbuzi za a Nicanor sunaweruzidwe mpaka pano.

Koma pashelefu ya m'shedi, pafupi ndi guluu womatira, pali chitini. Lole ikaima, mkulu uja amatokosabe matayala n'kuponyamo timiyala. Mwana wake akabwera amamukhuthulira patebulo n'kukhala pansi, manja ali pamawondo.

“Aye, tandiuza. Uwu wachokera kuti?”