Kandege ka Zigamba

Sikisi koloko m'mawa, simbi yatentha kale. Mayi amene anzawo a amuna awo amawatcha Adokotala ayamba ndi malaya a bambo, kenako zofunda za apongozi odwala. Simbi ikamazirala, ndiye amasitira phiko la kandege. Pulasitiki wokutira mapiko amafuna moto wofatsa. Ukapupuluma amakwinyika ngati nkhope ya mwana wolandidwa nthochi.

Tindege ta rimoti n'ta amuna awo. Mkati mwa sabata bamboyo amakonza mafiriji, Loweruka n'kukaulutsa tindege kubwalo la kuseri kwa fakitale. Akagwetsa, otola ndi mayi. Kumata ndi guluu, kutchaja mabatire, kusakasaka pulopela, kachitsulo kozungulira ka kumphuno, m'udzu, zonsezo n'zawo. Koma kandege kakapidiguka bwino m'mwamba, m'manja amaombera wogwira rimoti.

Rimotiyo anaigwirapo kamodzi kokha. Chala chitaterereka, kandege kanagona chagada, mimba kuloza kumwamba, ndipo mtima wawo unapita nako. Asanapume n'komwe, bambo anali atailanda. Chidwalireni apongozi, ngakhale kubwaloko sapitanso. Amangoona tindege tikubwera titathyoka.

M'mawa umenewu bambo anatulukira kapu ya tiyi ili m'manja.

“Bambo, ndikufuna kanga.”

“Kanu? Mukufuna kuthawira kwanu pandege?”

“Kophunzirira. Ndikufuna kuuluka chagada.”

Ataona kuti mayi sakuseka, bambo anawatengera m'chipinda cha katundu, momwe tindege timalendewera kudenga. Analoza koyera ka phiko pamsana. “Aka n'kagogo. Mukakasiya kamadziwongola kokha, koma kupidiguka kamachita kunyinyirika.” Analozanso kofiira. “Aka ndi mavu. Kungophethira, kali pansi.”

Kofiirako mayi ankakalota, komanso ankazidziwa nthiti zake, zopyapyala ngati machesi. Anapitirira n'kutsitsa kachikasu kakale, kodzaza zigamba, kamene kamapidiguka mosathamanga ndipo kakagwa kamathyoka pamphuno pokha.

“Chisanza chimenecho?”

“Ndikagwetsa, wondimatira ndani? Aka ndimakadziwa pothyokera.”

Bambo anaseka mpaka tiyi kutayikira. “Chabwino, Adokotala, Loweruka ndikuphunzitsani. Nanga amayi atsala ndi ndani?” Anafunsa mosaganiza zoipa, uku akumanga nsapato. Zoti mwina n'kutsala iwo sizinawadutse n'komwe m'mutu.

Bambo atachoka, mayi anawatembenuza apongozi, kuwamwetsa mankhwala, n'kuwatsegulira zenera. Kenako anapita kumpanda, kandege kali m'khwapa. Aneba awo, osoka madiresi, anali kuyanika zovala.

“Ii, mwayamba kubereka ndege tsopano?”

Mayi sanazolowere kupempha. Anasisita chigamba cha paphiko kanthawi.

“Aneba, Loweruka m'mawa mungandikhalireko ndi apongozi? Mankhwala ndikhala nditawapatsa, sasowetsa mtendere. Akangoitana muwayankhe. Dzuwa lisanafike pamutu ndikhala nditabwera.”